Ya hayala kapena kanga komwe?

Popita ku chinkhoswe cha mchemwali wanga ku Ntchisi, ndinakana kuchita hayala galimoto. Ndinati kanga komwe kakafika.

Pa M1 mpaka pa Mponela zinalidi bwinobwino. Mavuto anayamba titasiya tala n'kuyamba kukwera mapiri cha kunkhalango ya Ntchisi. Mvula inali itagwa, ndipo kagalimoto kotsika ngati kanga kamangokhula pansi. Ekizozi inathothoka, tinakamalizira ulendo pa kabaza, mphatso zili pamiyendo, mwambo utayamba kale.

Hayala njodula, sindikukana: umalipira pa tsiku, dipoziti, mafuta akonso. Komatu zomwe ndinapatsa makaniko zikanakwanira Hilux ya masiku awiri.

Ku Dowa paboma, kudzera ku Lumbadzi, ndimapitabe ndi kanga.