Musanakwere bwato, yang'anani kumbuyo kwake

Mvula ikalimba mu January ndi February, mitsinje ya Lupande, Lutembwe ndi Msandile imadzaza, ndipo anthu a ku Msoro ndi madera ena a ku Mambwe amadalira mabwato pofuna kufika kucipatala, kucigayo kapena kumunda wa tsidya lina. Ambiri tikumbukira m'mene Luangwa anasefukira ku Mfuwe mu 2007. Tikafika padooko, maso athu amathamangira kutsogolo kwa bwato, koma mabwato a injini, monga aja timawacha banana, kawiri-kawiri amamwera madzi kumbuyo.

Kumbuyoko kuli thabwa lolimba pamene amamangirira injini. Thabwali ndilo limakhala lalifupi kupambana mbali zonse za bwato, cifukwa mwendo wa injini uyenera kufika m'madzi. Injini ya mwendo waufupi ifuna thabwa la masentimita 38, ya mwendo wautali ifuna la masentimita 51. Tsono mwini bwato akapeza injini yaifupi yochipa, amatenga sowo nadula thabwa kuti igwirizane. Pamenepo wataya masentimita 13, kutalika kwa cikhatho ca mwana wa sukulu, pa malo omwe ali kale ndi kulemera kwa injini, cigubu ca petulo ndi woyendetsa yemwe. Ife tiona kuti kusunga ndalama kotere n'kugula tsoka.

Madzi amalowa motere. Bwato likamathamanga limakoka funde pambuyo pake. Woyendetsa akazima injini mwadzidzidzi, bwato limaima koma funde siliima ai, limakwera pathabwa lija ndi kugwera mkati. Cimodzi-modzi pobwerera cam'mbuyo, kapena pomangirira cingwe kumbuyo pamene mtsinje uli kukoka. Bwato amamangira kumutu.

Alimi anzathu, tiwerengere pamodzi. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi. Pansi pa bwato pakakhala mamita 4 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, madzi ozama masentimita 5 cabe, osamiza n'kakolo komwe, ndi malita 200. Amenewo ndi matumba anai a fetereza amene palibe anawakweza. Coipa cake, thumba limakhala pamene mwaliika, koma madzi amathamangira kumene bwato lapendekera. Apita kumbuyo, kumbuyo kutsika, funde laciwiri lilowa mosabvuta kuposa loyamba.

Amisiri odziwa amamanga kabokosi kutsogolo kwa injini, kokhala ndi cipupa cofanana msinkhu ndi mbali za bwato, ndi timabowo tiwiri tobwezera madzi kumtsinje. Funde likadumpha thabwa limathera m'kabokosimo. Koma timabowoto timatsekeka ndi masamba, matope ndi mapepala a pulasitiki, ndipo katundu akacuruka timamira, n'kuyamba kulowetsa madzi m'malo motulutsa. Palinso bowo la pansi lotayira madzi bwato likakhala pamtunda. Cotsekera cake cikataika ena amangofinyirapo nsanza.

Conco pokwera, onani ngati pakati pa madzi ndi mlomo wa thabwa la kumbuyo patsala danga lokwanira anthu onse atakhala pansi. Matumba a cimanga ndi njinga zikhale pakati, anthu asaunjikane kwa woyendetsa, ndipo cigubu codula cokapira madzi cikhale comangirira ndi cingwe pafupi ndi dzanja, osati pansi pa katundu. Mukaona madzi alikunyambita thabwalo bwato lisananyamuke, tsikani mudikire ulendo waciwiri, ngakhale mwalipira kale.