MUSAFULUMIRE KUYATSA WAILESI IMENE MAKOLO ANASIYA

Mwezi watha tinaitanidwa ku nyumba ina mu Chawama kumene banja linali kugawana katundu wa malemu atate ao. Pakona panali ciwailesi ca bokosi la matabwa, cija timati rediyogiramu, cimene cinakhala zaka zoposa 20 osalira. Mwana wamwamuna anafuna kuti amai ake amvekonso mbale za nyimbo zimene anali kuvina ndi amuna ao, ndipo anacilumikiza ku magetsi. Cinayamba kung'ung'uza ngati njuci m'mphako, ndipo posakhalitsa m'nyumba munadzaza utsi. Thiransifoma inapsa, ndipo ina yotere siipezeka wamba. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Mawailesi awa ndi mbiri yathu ife a mu Lusaka. Mu 1949 a Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, anathandizana ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain kubweretsa wailesi yotsika mtengo, Saucepan Special. Inali yobulungira ngati poto, ya mtundu wa buluu, ndipo mtengo wake unali mapaundi 5. Pa wailesi imeneyi makolo athu anamva mau a Alick Nkhata kucokera ku Central African Broadcasting Station muno mu Lusaka. M'kati mwake munali mavalavu 4, timabotolo tagalasi timene timakweza mau tikatentha. Iyo siinali kung'ung'uza cifukwa inali ya batire. Vuto ili ndi la mawailesi akulu olumikiza ku magetsi a m'nyumba.

Kodi kung'ung'uza kumacokera kuti? Magetsi a ZESCO ndi a mphamvu ya mavoti 230, ndipo amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi imodzi. Mavalavu amafuna magetsi oyenda njira imodzi mosagwedezeka. Nchito yowasalaza ndi ya makapasita, tizitini tokhala ndi mankhwala onyowa m'kati. Zaka zikapita mankhwalawo amauma, ndipo kugwedezeka kwa magetsi kumafika ku sipika. Cheru ndi ici: mukatsitsa mau mpaka pansi koma kung'ung'uza osaleka, kawirikawiri olakwa ndi makapasita amenewa. Kukamakwera ndi kutsika pamodzi ndi mau, yang'anani nthambo yocokera ku mbale za nyimbo, mwina yaduka kapena siigwira bwino.

Kutentha nako kuli pawiri. Valavu yabwino imatentha ndithu, ndipo pakati pake pamaoneka kamoto kang'ono. Koma citsulo cacikulu ca m'kati mwa galasi cikafiira ngati khala, zimani msanga. Nthawi zambiri ndi kakapasita kena kamene kayamba kudontheza magetsi, ndipo valavuyo ikudya kopitirira muyeso. Mukaumirira, mudzataya valavu ndi thiransifoma yomwe. Kapasita yatsopano ndi ya ndalama zocepa, koma thiransifoma ikapsa wailesi yambiri imasanduka kabati yoikamo makapu.

Tikupemphani tsono, abale athu a m'makomboni ndi a ku minda, musatsegule kumbuyo nokha. M'kati mumakhala mavoti oposa 250, ndipo makapasita amasunga mphamvuyi ngakhale mwazula pulagi. Angathe kupha munthu. Funani mmisiri wodziwa mavalavu, makamaka acikulire, ndipo mumufunse mmene adzaiyatsire koyamba. Wodziwa nchito amayamba wacotsa fumbi, mphemvu ndi zisa za makoswe, nasintha makapasita okalamba. Kenaka amapititsa magetsi mu babu lakale lija la kawaya, la mawati 60 kapena 100, asanafike ku wailesi. Babu likawala pang'ono n'kucepa, zinthu zili bwino. Likapitiriza kuwala kwambiri, pali cimene cagundana m'kati, ndipo babulo lateteza thiransifoma. Mmisiri wongosomeka pulagi m'cipupa, mucotsereni wailesi yanu.

Ikakonzedwa, ipatseni mpweya. Amai athu amakonda kuyala nsalu zoluka pamwamba ndi kuikapo maluwa, koma nsalu ikatseka timabowo kutentha sikuturuka. Siyani mpata wa dzanja limodzi pakati pa wailesi ndi cipupa, makamaka mu Okutobala pamene malata atentha. Inu a ku Kanyama, kumene madzi amalowa m'nyumba nthawi ya dzinja, ikwezeni pamwamba, ndipo ikanyowa musaiyatse mpaka mmisiri aione. Magetsi akapita zulani pulagi, cifukwa nthawi zina amabwerera ndi mphamvu yoposa. Tonse tikumbuka mmene anavutira mu 2024 madzi atacepa ku Kariba.

Ku Chawama kuja amai aja anakana kuti bokosilo ligulitsidwe. Likali pakona, ndipo ana agwirizana kusonkha ndalama kuti apeze munthu wokulunganso nthambo za thiransifoma. Akanayamba afunsa, amai ao akanamva kale nyimbo zao.