Kuwerenga nkhope zakuda sikukwanira

Ntchito yanga ndi kuonera mafilimu n'kulemba zimene ndaona. Kuno ku Durban, kumene chikondwerero cha Durban International Film Festival chakhala chikuchitika kuyambira 1979, Amalawi anzanga amakonda kundifunsa kuti timadziwa bwanji ngati filimu ya ku France yationetsa bwino anthu akudafe. Ambiri amaganiza kuti timangowerenga nkhope.

Kuwerengako kuli ndi ntchito yake. Mu 2020, pa mwambo wa mphoto za César ku Paris, Aïssa Maïga anaima pa nsanja n'kunena kuti akafika pamalo otere amangopezeka akuwerenga anthu akuda amene alipo. Mayiyu mukumudziwa, ndi uja anasewera ngati mayi ake a William Kamkwamba mu The Boy Who Harnessed the Wind. Ananena zoona, ndipo anthu ena sizinawakomere.

Koma ine ndikakhala mumdima ndi kabuku kanga pabondo, ndimalemba zina. Kamera ikuchedwa pa nkhope ya ndani? Ndani akumaliza mawu ake osadulidwa pakamwa? Munthu wakudayo, filimu ikamusiya yekha m'chipinda, ali ndi moyo wakewake kapena akungodikira mzungu abwere?

Taonani Saint Omer ya Alice Diop, ya 2022, imene inapata mphoto yaikulu ya oweruza ku Venice. Inachokera pa mlandu weniweni wa 2016, umene Diop anakamvetsera yekha kukhoti: mayi wa ku Senegal amene anasiya mwana wake wa miyezi 15 m'mphepete mwa nyanja ku Berck, ku France, kuti madzi amutenge. Si nkhani yotikometsera. Komatu kamera imaima chilili pa Laurence Coly, dzina la mayiyo m'filimuyi, amene Guslagie Malanda anasewera, iye akulankhula nthawi yaitali popanda womudula. Anthu akudabwa ndi Chifalansa chake chosalala. Mphunzitsi wina wa ku yunivesite akuuza khoti kuti sanamvetse chifukwa chimene mtsikana wa ku Africa anasankhira kuphunzira za Wittgenstein m'malo mwa woganiza wa kwawo. Pamenepo ndinasiya kulemba. Filimuyo simatipempha kuti timukhululukire mayiyu, koma imatiletsa kumuona ngati chilombo kapena ngati chitsiru.

Ndi chifukwa chake ndimayang'ananso mayina a kumapeto aja, amene anthu amawasiya akutuluka: analemba ndani, anajambula ndani, anadula zithunzi ndani. Mati Diop atalowa mpikisano waukulu wa ku Cannes mu 2019 ndi Atlantique, anali mkazi wakuda woyamba kufikapo monga wotsogolera filimu, chikondwererocho chitayamba kale mu 1946.

Ifetu a kuno izi timazidziwa m'thupi. Timaoneka paliponse, pa mashini osokera, m'makhitchini, pa zipata za nyumba za ku Morningside. Wojambula atafika lero angatipeze ambirimbiri pa chithunzi chimodzi. Chimene ndimadikira ndi filimu imene idzamusiye telala wa ku Mangochi alankhule mphindi zisanu zathunthu, kamera osasuntha.