Milandu Yakale Imene Igona m'Mabuku

Wolemba Mtola Nkhani Wathu

Aliyense amene anayendapo pa mseu waukulu wa Great East Road adziwa kuti basi ikaima pa Nyimba, nthoci ndizo ziyamba kulowa pa zenera munthu asanatsike. Pa ulendo wanga wopita ku Petauke ndinatsika pamenepo kuti ndiongole miyendo, ndipo ndinagula nshawa zokazinga kwa mai wina wa pambali pa mseu. Anandikulungira m'pepala lofiirira ndi ukalamba. Nditatha kudya ndinaona kuti pepalalo linali tsamba la buku la Cinyanja. Linali kusimba za munthu amene anaimirira pa bwalo la mfumu kuyankha mlandu wa mbuzi, koma mau anathera pakati, mfumu isanagamule.

Mai aja sindiwada, pakuti wogulitsa afuna cokulungira. Cimene cinandiwawa ndi cakuti buku limene munthu analemba ndi thukuta, ndipo ana ambiri analiwerenga, linafika pothera m'manja mwa wogula nshawa. Tsono ndinayamba kudzifunsa ngati mabuku akale ali ndi kanthu kouza mlimi wa kwa Kalindawalo kapena mphunzitsi wa kwa Ndake lero lino, kapena ngati nchito yao inathadi.

Kuwerenga kunafika kuno ndi amishoni. A Dutch Reformed Church anayamba pa Magwero m'caka ca 1899, ndipo m'caka ca 1905 anatsegula Nyanje. Pambuyo pace anamanga Hofmeyr ndi Merwe. Akatolika anakhazika mishoni yao pa Minga. Ngakhale anthu a kuno alankhula Cinsenga pa nyumba, ana anaphunzira kuwerenga m'Cinyanja, ndipo Buku Lopatulika litatuluka lonse m'caka ca 1922 linasanduka buku loyamba la mabanja ambiri. Ndico cifukwa cace mabuku osindikizidwa ku Nkhoma, m'dziko la Nyasaland, anali kuoloka malire ndi kuwerengedwa kuno monga athu-athu. M'caka ca 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazika bungwe limodzi lothandiza kutulutsa mabuku m'zinenero za anthu, ndipo ufulu utabwera nchitoyo inapitirira ndi kampani ya NECZAM. Koma kuyambira m'caka ca 1966 Cingelezi cinakhala cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1, ndipo makolo ambiri anayamba kuona buku la Cinyanja ngati cinthu ca ana osakhoza. Maganizo amenewo sanatheretu.

Mnyamata wovuta amene anadzakhala mfumu

Mwa mabuku onse a nthawi imeneyo, loyenera kuyamba nalo ndi Nthondo, lolembedwa ndi a Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Malawi amene anabadwa m'caka ca 1905. Bukuli linapata mphotho pa mpikisano wa bungwe la ku London loona za zinenero za mu Afirika, linasindikizidwa m'caka ca 1933, ndipo caka cotsatira a T. Cullen Young analitembenuzira m'Cingelezi ndi dzina lakuti Man of Africa. A Ntara omwewo ndiwo analemba Mbiri ya Acewa.

Nkhani yace itsata munthu mmodzi kucokera pa kubadwa. Atate ace amwalira iye akali wamng'ono, akula ndi mwano ndi dzanja lalitali, acoka pa mudzi kukafuna nchito kutali kum'mwera, abwerera, alongedwa ufumu, ndipo potsiriza atembenuka mtima nalowa Cikristu. Agogo a kuno amene anaona amuna akupita ku Salisbury, ku Wankie ndi ku migodi ya mkuwa, ena osabwereranso kufikira anachedwa macona, safunika kuwamasulira nkhani yotere. Aidziwa ndi misozi.

Ubwino wa bukuli uli m'mafunso amene lisiya. Mwana wamasiye akaipa, mlandu uli ndi yani? Mai ace, malume wace, kapena mudzi wonse umene unamuona akuyamba kuba nuseka? Nanga anthu amene adziwa bwino mbiri ya munthu, bwanji amlonga ufumu? Kwa ife amene ufumu ndi mbumba zitsata kucikazi, funso la udindo wa malume si la m'buku cabe. Ine pandekha ndiona kuti kutembenuka kwa Nthondo kufika mofulumira pang'ono, monga mwa kufuna kwa amishoni amene anasindikiza bukulo. Wina anganditsutse, ndipo kutsutsana kumeneko ndiko kuwerenga kwenikweni. Mphunzitsi amene angouza ana kuloweza maina a anthu a m'nkhani kuti akakhoze mayeso waphika nsima koma wabisa ndiwo.

Pafupi ndi kwathu kuposa apa pali buku la a Dominic Mulaisho, amene anabadwa m'caka ca 1933 ku Feira, kumene lero kuchedwa Luangwa, tsidya lija la mtsinje. Buku lao, The Tongue of the Dumb, linatuluka ku London m'caka ca 1971, ndipo nkhani yace icitika pakati pa Ansenga m'masiku a atsamunda. Muli mfumu Mpona, imene ili pakati pa miyambo ya makolo, amishoni ndi boma la azungu. Muli Lubinda, wosirira mpando wa ufumu. Muli mai wamasiye Natombi ndi mwana wosalankhula, Mwape. Cida cacikulu ca Lubinda ndico kunamizira anzace ufiti pamene mudzi uli m'mavuto ndipo anthu afuna womuloza cala. Palibe wa kuno amene anganene kuti mcitidwe umenewu unatha. Nkhalamba zikali kuthamangitsidwa pa midzi cifukwa mwana wadwala malungo, cinkana lamulo la dziko liletsa kuchula munthu mfiti. Bukuli lili m'Cingelezi, tero agogo sangaliwerenge okha, koma mdzukulu wa ku sekondale angathe kuwasimbira mutu umodzi madzulo alionse, ndipo adzadabwa kumva agogowo akumuuza za Lubinda wa pa mudzi pao.

Nzeru za ku Athens

Awerengi ena adzati zimenezi tamva, cifukwa ndi za kwathu. Nanga za Agiriki amene anafa zaka zoposa 2,000 zapitazo zitikhudza bwanji? Tiyeni tione.

Mu mzinda wa Athens munali munthu dzina lace Socrates, mwana wa mmisiri wosema miyala, ndipo mai ace anali mzamba. Iye sanalembe buku ngakhale limodzi. Zimene tidziwa za iye zinalembedwa makamaka ndi wophunzira wace Plato. Nchito yace inali kuyenda pa msika ndi kufunsa anthu ochuka mafunso ooneka ngati acibwana: cilungamo nciani, kulimba mtima nciani, kodi ukoma uphunzitsika? Munthu akayankha, iye anafunsanso kufikira woyankhayo aona yekha kuti mau ace atsutsana. Anadzifanizira ndi mzamba, pakuti mzamba sabala mwana, angothandiza mwini mimba. Aphunzitsi athu, makamaka amene aima patsogolo pa ana ambiri ndi buku limodzi, angapeze citonthozo pamenepa: funso labwino silifuna ndalama.

Akulu a mzindawo sanakondwere naye. M'caka ca 399 Yesu asanabadwe, ali ndi zaka ngati 70, anamzenga mlandu wosokoneza anyamata ndi wosalemekeza milungu ya mzinda, namgamula kuti amwe cakumwa cakupha. Pano tisasokoneze ndi mwavi wa makolo athu. Mwavi unali woyesera munthu ngati ali wolakwa, koma cikho ca Socrates cinali cilango mlandu utagamulidwa kale. Bwenzi lace Crito linakonza njira yomthawitsira m'ndende, koma iye anakana, ponena kuti munthu amene wakhala moyo wace wonse pansi pa malamulo a mzinda sangawathyole tsiku limene amuipira. Kodi anacita bwino, kapena anasiya ana ace pa umasiye mwa kuuma mutu? Funso limeneli lingakhalitse amuna pa mphala kufikira nkhuni zitatha.

M'buku lace lalikulu lochedwa Republic, Plato aikamo nthano imene mwana aliyense wa kuno angaimve. Mbusa wa nkhosa wa ku Lydia anapeza mphete m'phanga limene linatseguka ndi civomezi. Akaitembenuzira m'kati mwa dzanja, anthu sanali kumuona. Ndi mphamvu imeneyo analowa m'nyumba ya mfumu, ananyenga mkazi wace, anapha mfumuyo natenga ufumu. Wosimba nthanoyo afunsa: mphete zotere zitakhala ziwiri, ina kwa munthu wolungama ndi ina kwa wosalungama, kodi pangakhale kusiyana? Ife tingafunse m'cinenero cathu. Munthu amene apitirira munda wa mnzace osathyola cimanga, aopa mankhwala ochinjiriza mundawo, aopa mfumu, kapena ali ndi umunthu? Nanga kalaliki amene ayeza cimanga ca mlimi wosadziwa kuwerenga sikelo, si ndiye wavala mpheteyo?

Maliro oletsedwa ndi malume

Sewero la Sophocles lochedwa Antigone ndilo linandigwira mtima koposa, pakuti cibale cace cimveka bwino kwa Mnsenga kuposa kwa Mngelezi. Anyamata awiri a mimba imodzi, Eteocles ndi Polyneices, anaphana polimbirana ufumu wa mzinda wa Thebes. Mpando unagwera Creon, mlongo wa mai ao, ndiye kuti malume wao. Iye analamula kuti woyambayo aikidwe mwaulemu, koma waciwiriyo, amene anabwera ndi nkhondo pa mzinda wa kwao, mtembo wace usiyidwe poyera kuti udyedwe ndi agalu ndi mbalame, ndipo woukwirira aphedwe.

Antigone, mlongo wa anyamatawo, anapita nathira dothi pa mtembowo. Atagwidwa sanakane, anati pali malamulo akale kuposa a mfumu. Creon anamtsekera m'phanga wamoyo, cinkana mtsikanayo anali wotomeredwa ndi mwana wace Haemon, msuweni wace. Pamene mfumu inasintha maganizo kunali kutada kale: Antigone anali atadzimangirira, Haemon anadzipha, ndipo mai ace atamva anadziphanso.

Taganizani nkhani imeneyi itaperekedwa kwa nduna za pa bwalo la mfumu ya kuno. Ena adzati mfumu iyenera kulanga woukira dziko, apo ai mudzi upasuka. Ena adzati maliro alibe mdani, ndipo malume amene akana kuika mwana wa mlongo wace wadzicotsa yekha pa mbumba. Onse awiri ali ndi mfundo, ndipo Sophocles apatsa mbali iliyonse mau amphamvu. Ndiyesa ndico cifukwa cace sewerolo likali kuseweredwa.

Kutenga nzeru za kutali ndi kuziveka cinenero ca kwanu si cinthu cacilendo. Mwalimu Julius Nyerere, ali mtsogoleri wa dziko lace, anapeza nthawi yotembenuzira m'Ciswahili masewero awiri a Shakespeare: Julius Caesar m'caka ca 1963 ndi The Merchant of Venice m'caka ca 1969. Kuno kwathu a Kenneth Kaunda analemba za Humanism, imene inakhala nzeru yotsogolera dziko kuyambira m'caka ca 1967 kufikira boma linasintha m'caka ca 1991. Amene anaphunzira m'zaka zimenezo akumbukira kuti anali kuiloweza koposa kuikambirana. Ndipo akulu onse akumbukira a Julius Chongo, amene pa pulogalamu ya Poceza m'Madzulo pa wailesi ya Zambia anali kusintha mau kukhala nkhalamba, mwana, kalulu ndi fisi, mudzi wonse utazungulira wailesi imodzi. Iwo anaonetsa kuti nkhani yozama ikasimbidwa bwino m'Cinyanja, ngakhale wosapita ku sukulu aigwira.

Vuto lalikulu ndi kusowa kwa mabukuwo. Laibulale ya cigawo ili ku Chipata, kutali ndi mwana wa ku Kacholola kapena wa kwa Luembe. Komabe m'midzi muno muli mabokosi a malata a aphunzitsi opuma, a abusa ndi a akatekisiti, m'mene mabuku agona pamodzi ndi mphemvu. Amene muli nao, akutumuleni fumbi, akuteni ndi pepala lolimba, ndipo muwaike patali ndi ciswe. Kambiranani ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pafupi kuti awalembe m'kaundula ndi kubwereketsa. Buku limodzi likwanira kalasi lonse ngati mphunzitsi awerenga mokweza, naima pamene mlandu wafika pa mfumu, nasankha ana ena kukhala odandaula, ena oyankha, ena nduna, asanawauze m'mene wolemba anathera. Nkhani ya mphete ndi ya Antigone sizifuna nkomwe buku. Amene wawerenga nyuzi ino angazisimbe usiku uno.

Tsamba lija la pa Nyimba ndikali nalo, ndi madontho ace a mafuta. Mwini mbuzi akana kulipira cimanga cimene cinadyedwa, ponena kuti mwini munda sanamange mpanda. Ngati pali wowerenga amene akumbukira buku limene muli mlandu umenewu ndi m'mene mfumu inagamulira, alembere kalata kwa Mkonzi.