Anyamata a Banjo m'Chigwa cha Domasi

Aliyense amene adakhalapo pa ukwati wa kumudzi kuno ku Malosa m'nyengo ya chilimwe adziwa zimene zimachitika mafuta akatha m'jenereta. Zokuzira mau zimangoti zii, amayi amene adali pa mzere wa perekaniperekani amaima ndi ndalama zao m'manja, ndipo woyendetsa mwambo amayamba kutuluka thukuta. Pamenepo ndi pamene anthu amakumbukira anyamata aja amene akhala kuseri kwa nkhokwe kuyambira m'mawa, wina ndi banjo yake, wina ndi babatoni, wina ndi ting'oma ta chikopa cha mbuzi. Akangokhudza nsambo, fumbi limabuka pabwalo, ukwati nkupitirira.

Timagulu totere tilipo kuyambira ku Songani mpaka kutsidya kwa Likwenu. Tambiri tilibe ndi dzina lomwe. Timaimba pa maukwati, pa zinkhoswe, pa tsiku lotsekera sukulu ndi pa mpira, ndipo malipiro ake kawirikawiri ndi mbale ya nsima ndi chikho cha thobwa. Komabe ife makolo timanyadira anyamatawa akakhala a eni ake. Akakhala athu, banjo ija timaiponda.

Taonani kaye kapangidwe kake. Mnyamata amatola chigubu cha mafuta, kapena sefuliya yobooka naikuta ndi chikopa. Amasema thabwa kuti likhale khosi, naboola pamwamba pake ndi msomali wamoto kuti alowetsemo zikhomo zokungira. Nsambo zimachokera ku waya wa mabuleki a njinga, amene amamasula ulusi umodziumodzi. Babatoni ndiye mkulu wa onse: nsambo imodzi yokha ya waya wa m'tayala la galimoto, yokungidwa pa mtengo wautali wolowa m'ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, ndipo woimba amaimenya ndi kamtengo uku akutsetsereza botolo kuti mau akwere kapena atsike. Palibe adawaphunzitsa ndi choko. Amakunga ndi khutu basi, ndipo ife amene timavutika chaka chonse kuti ana amvetse kuyeza ndi rula timadabwa kuona mwana yemweyo akudziwa kuti nsambo ikafupika mau amakwera, ikakhala yonenepa mau amatsika.

Alendo ochokera kunja akaona kabanjo ka nsambo zinai amati kakufanana ndi ukulele. Salakwa kwenikweni. Ukulele ndi kagitala kakang'ono ka nsambo zinai ka ku zilumba za Hawaii. Mu 1879 chombo chotchedwa Ravenscrag chidafika ku Honolulu ndi anthu a ku Madeira, chilumba cha Apwitikizi, amene amakagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Pakati pao padali amisiri a matabwa atatu, Manuel Nunes, Augusto Dias ndi José do Espírito Santo, ndipo iwo ndiwo adayamba kupanga kachipangizoka potengera timagitala ta kwao. Mfumu Kalākaua idakakonda, nikalowetsa m'madyerero a kunyumba yachifumu. Lero ku Ulaya ndi ku America kuli magulu ambiri a anthu wamba, ena nkhalamba zopuma pa ntchito, amene amasonkhana kuimba ukulele m'nyumba za okalamba ndi pa zochitika za m'mudzi mwao osafuna malipiro. Chimene chidayamba ndi aganyu a m'nzimbe chidasanduka ulemu wa dziko.

Banjo yathunso idabwera ndi anthu a paulendo. Asilikali a K.A.R. pobwera ku nkhondo imene idatha mu 1945, ndi a matchona pobwera ku migodi ya ku Joni ndi ku Harare, adabwera ndi mabanjo ndi magitala. Ana a m'mudzi amene adali atazolowera bangwe ndi kaligo adaona, nasirira, ndipo posowa ndalama adapanga zao. Ngakhale dzina la Hawaii lidafika kuno: kaimbidwe kogoneka gitala pamiyendo ndi kutsetsereza botolo pa nsambo makolo athu adakatcha hauyani, ndipo Ndiche Mwarare adatchuka nako.

Tsono nchifukwa ninji timaiopa? Tinene zoona, mantha athu ali ndi pochokera. Kumene banjo imalipidwa msanga ndi pa mowa. Mnyamata woimba bwino amaitanidwa ku masese ndi ku kachasu, amamwetsedwa m'malo molipidwa, amagona mbandakucha, ndipo Lolemba mpando wake m'kalasi umakhala wopanda munthu. Taona ena akutha chomwecho. Ndiponso sitinganamize ana kuti nsambo zimalemeretsa. Allan Namoko wa ku Thyolo, wosaona amene adaimba banjo ndi gulu la Chimvu River, nyimbo zake zidamveka pa wailesi m'nyumba iliyonse, koma adamwalira mu 1995 ali mmphawi.

Koma pali mbali inanso. Daniel ndi Donald Kachamba adali anyamata a m'mudzi wa Singano ku Chileka, oimba m'misewu ya Blantyre ndi gitala, kachitoliro ndi besi ya nsambo imodzi, pamene Gerhard Kubik wa ku Vienna adakomana nao mu 1967. Pambuyo pake adakaimba ku Ulaya, ndipo ngakhale Daniel adatisiya mu 1987 ndi Donald mu 2001, kaimbidwe kao kadalembedwa m'mabuku a maphunziro apamwamba. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band adayenda zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni ndi gitala ya nsambo zinai. Mu 2017 adakaimba ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo adayendera maiko ambiri a ku Ulaya. A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, adadziwika ku maiko akutali atapitirira zaka 90, ataimba pamodzi ndi Patience Namadingo mu 2020. Onsewa adayamba monga ayambira anyamata a kuseri kwa nkhokwe aja.

Ife tomwe tili ndi mlandu pa nkhaniyi. Zaka zapitazo tidalanda banjo ya mwana wa Sitandade 6 amene amailiza pa nthawi yopuma, tidaitsekera m'kabati, ndipo tidaiwala. Mwanayo sadadandaule. Adangopanga ina, koma ulendo uno sadabwere nayo kusukulu; adapita nayo kumene sakadalandidwa, ndipo pasanathe chaka adaleka kubwera iye yemwe. Pokonza kabati ija tidaipeza chikopa chitadyedwa ndi njenjete, koma zikhomo zake zidali zosemedwa bwino kuposa chilichonse chimene ana adatipangirapo pa phunziro la ntchito zamanja. Tidachita manyazi.

Kuyambira pamenepo tidasintha. Anyamata a banjo timawapatsa khonde la kalasi Lachisanu masana, ndi pangano lakuti wojomba sabata imeneyo sagwira nsambo. Akaitanidwa ku ukwati amapita ndi munthu wamkulu, amene amapangana malipiro ndi eni mwambo zisanayambe, ndipo amabwera nao dzuwa likamalowa. Ndalama imagawidwa poyera, ina nkusungidwa yogulira waya ndi zikopa. Atsikana poyamba amangovina ndi kuyankha nyimbo, koma chaka chino awiri apempha kuphunzira kukunga, ndipo sitidaone chifukwa chowakanizira. Akulu ampingo ena adang'ung'udza titapempha kuti gululi liimbe pa tsiku la zopereka za masika. Tidawakumbutsa kuti ng'oma ndi visekese nazonso zidalowa m'kachisi anthu akutsutsana, ndipo adalola nyimbo ziwiri, kunja, mapemphero atatha.

Mwa nyimbo ziwirizo, ina idali yopeka okha, yonena za mitengo imene ikutha m'phiri la Malosa chifukwa cha makala, ndi madzi amene akuchepa m'mitsinje. A mfumu adapempha kuti aibwereze. Pakati pa kubwerezako nsambo ya banjo idaduka, ndipo mnyamata adathamangira pa njinga ya mkulu wina wa mpingo, mmodzi wa ong'ung'udza aja, kukapempha waya wa buleki ya kumbuyo. Mkuluyo adayang'ana njinga yake, nayang'ana anthu amene amadikira, nati, "Masula, koma undiperekeze potsika chitunda."