Duwa la mphonje: kukongola kwa tsiku limodzi, moyo uli pansi

Kumadambo ndi m'nkhalango zoyera pansi za dziko la Australia kuli kaduwa kena kamene kamamasula m'mawa, koma likamapendeka dzuwa kamakhala katafota kale. Eni dzikolo amakatchula kuti fringe lily, kutanthauza duwa la mphonje, pomwe akatswiri a zomera amati Thysanotus.

Dzina lachiwirili linaperekedwa m'chaka cha 1810 ndi Robert Brown, katswiri wa ku Scotland amene anafufuza zomera za m'mphepete mwa nyanja za Australia. Iye analitenga ku mawu a Chigiriki onena za chinthu chokhala ndi mphonje. Ndipo sanalakwitse. Duwali lili ndi timasamba 6 ta mtundu wa pepo, ngati maluwa a jakaranda. Titatu n'topyapyala, pomwe titatu tinato n'totambalala ndipo m'mphepete mwake muli tiulusi tosalala ngati mphonje za nsalu ya pathebulo.

Mitundu ya duwali ilipo pafupifupi 50 ndipo yambiri imapezeka m'chigawo cha Western Australia, komwe dothi lake n'lamchenga komanso losowa chonde. Mtundu umodzi, Thysanotus chinensis, unafalikira mpaka kum'mwera kwa China. Ngakhale duwali n'lakutali, lili m'banja limodzi ndi khonje komanso katsitsimzukwa wa m'tchire lathu lino.

Nanga chomera chosalimba chotere chimapirira bwanji m'dziko la ng'amba ndi moto wolusa? Yankho lili pansi pa nthaka. Mtundu wofala kum'mawa kwa dzikolo, Thysanotus tuberosus, uli ndi masamba onga udzu, ndipo kumapeto kwa mizu yake kumakhala timbatata tosunga madzi ndi chakudya. Chilimwe chikawawa masamba amauma, moto nkudutsa, koma timbatatato timakhala tili gone. Mvula ikagwa chomeracho chimaphukanso.

Timbatatati tinali chakudya cha Aaborijini, eni nthaka a dzikolo, amene ankatidya tatiwisi kapena towotcha. Ankakumbanso ta mtundu wina woyanga, Thysanotus patersonii, umene umazengereza pa zitsamba ndi udzu ngati nyemba.

Pa nkhani yobereka, duwali lili ndi mwambo wake. Mungu wake suli poyera, uli m'timatumba tokhala ndi kabowo kunsonga. Kuti utuluke pamafunika njuchi zina zakutchire zimene zimakangamira duwalo n'kulinjenjemeretsa mpaka mungu utathothoka, monga momwe timagwedezera botolo la mchere. Duwa la tomato limachitanso chimodzimodzi. Njuchi za uchi zija timaweta m'ming'oma sizidziwa luso limeneli. Poti duwa lililonse limakhala maola ochepa chabe, chomeracho chimamasula maluwa ake mosinthana kwa milungu ingapo kuti njuchi zisaphonye.

Koma chimene moto unalephera, munthu akuchikwanitsa. Azungu atafika m'chaka cha 1788 anabweretsa nkhosa ndi makasu. Timbatata timapirira moto, koma sitingapulumuke ku pulawo yotembenuza nthaka kapena ziboda zopondaponda chaka ndi chaka. M'chigawo cha Victoria, kumadzulo kwa mzinda wa Melbourne, madambo achilengedwe atsala ochepera 5 pa 100 alionse, moti m'chaka cha 2008 boma la Australia linawaika pa mndandanda wa malo amene ali pachiopsezo chachikulu chotheratu. Timagawo totsala tikupezeka m'mbali mwa misewu, mwa njanji ndi kumanda akale, komwe khasu silinafike.

Vuto n'lakuti nthawi zambiri duwali silioneka. Wodutsa amangoona udzu wamba, n'kuganiza kuti palibe chofunika kuteteza. Pamene akuti aone kukongola kwake, dambolo limakhala litasanduka munda kapena malo omangapo nyumba.