Galimoto Yakale Yapamwamba: Kuisunga Kapena Kugula Yatsopano?

M'madera a m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, kuyambira ku Sanga, Chintheche ndi Kande mpaka ku Usisya, muli mabanja amene ali ndi galimoto zikuluzikulu zokoka ndi matayala onse anayi, monga Toyota Prado, Land Cruiser, Mitsubishi Pajero ndi Land Rover Discovery. Zina zinabwera ndi ana a kuno amene anakagwira ntchito ku Joni, monga momwe makolo awo ankachitira kuyambira m'nthawi ya atsamunda. Zina zinaitanitsidwa ku Japan zitayendako kale, ndipo zina zinagulidwa ndi ndalama zopumira pa ntchito. Lero zambiri mwa galimotozi zakalamba, ndipo eni ake ali ndi funso limodzi: apitirize kuzikonzetsa, kapena azigulitse n'kugula zatsopanoko?

Funsoli si la mwini galimoto yekha. Ndalama zimene zimalowa pa galimoto yotere n'zokwana kumanga nyumba ya malata, kugula boti ndi injini yake, kapena kuphunzitsa ana mpaka ku koleji. Komanso m'midzi yambiri galimoto yomweyo ndiyo imanyamula mayi woyembekezera kupita naye ku chipatala cha Chintheche pakati pa usiku, ndiyo imathandiza pa maliro ndi pa ukwati. Mwini wake akalakwitsa posankha, banja limalowa m'ngongole ndipo mudzi umataya thandizo. Choyenera kudziwa n'chakuti zaka za galimoto pazokha sizipereka yankho. Yankho lili pa zinthu zitatu: umoyo wa galimoto imene ilipo, ndalama zimene iliyonse ingadye pa chaka, ndi ntchito imene banja likufuna kuti izigwira.

Zimene misewu ya kuno imafuna

Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo mvulayo imapitirira mpaka mu April, nthawi zina mu May. Msewu wa M5 ndi wa phula, koma misewu yopatuka kulowa m'midzi, m'minda ya chinangwa ndi kumadoko a asodzi ndi ya dothi loterera kapena ya mchenga. Wopita ku Usisya amatsika phiri lotsetsereka kwambiri, lofuna mabuleki odalirika ndi giya yamphamvu. Ngakhale ulendo wa ku Mzuzu uli ndi zake: galimoto imanyamuka m'mbali mwa nyanja, pamalo okwera mamita osafika 500 kuchokera pa nyanja yamchere, n'kukafika pamtunda wa mamita oposa 1,200. Chikweza chimenechi ndicho chimaulula injini yofooka.

Pa chifukwa ichi, banja lokhala kutali ndi phula lili ndi chifukwa chenicheni chosungira galimoto yaitali yokoka ndi matayala anayi. Koma banja limene maulendo ake onse ndi a pa M5 ndi ku Mzuzu likulipira mphamvu imene siliigwiritsa ntchito.

Mtengo weniweni wa yatsopanoko

Malawi sapanga galimoto. Iliyonse imagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo zambiri zobwera kumpoto kuno zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa chipata cha Songwe. Mtengo wolembedwa pa intaneti ndi chiyambi chabe. Pamwamba pake pamabwera zolipira pa doko, ndalama za woyendetsa ndi mafuta a ulendo wa m'dziko la Tanzania, malipiro a othandiza kuombola katundu, ndiponso msonkho wa bungwe la Malawi Revenue Authority. Msonkhowu umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo galimoto za injini zikuluzikulu zili m'gulu lolipira kwambiri.

Kugwa kwa kwacha kwawonjezera mtolowu. Mu May 2022 banki yaikulu ya Reserve inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inaichepetsanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Galimoto ya madola 20,000, imene inali K23.6 miliyoni, inasanduka ya K34 miliyoni tsiku limodzi, msonkho usanawerengedwe. Wofuna kukongola ku banki akumananso ndi china. Mu 2024 banki ya Reserve inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki ena amaika chawo pamwamba pa chimenecho. Mwachitsanzo, pa ngongole ya K30 miliyoni ya chiwongoladzanja cha 30 peresenti, chiwongoladzanja cha chaka choyamba chokha chikhoza kuyandikira K9 miliyoni. Ndalama zotere zikhoza kukonzetsa galimoto yakale kwa zaka zingapo.

Kugwa kwa kwacha komweko kwakwezanso mtengo wa galimoto imene ili kale pakhomo. Msonkho wake unalipiridwa kalekale, ndipo woigulitsa lero sangapeze ina yofanana nayo ndi ndalama zimene walandirazo.

Ubwino wa yatsopano ndi misampha yake

Galimoto yatsopanoko ili ndi ubwino wosakanika. Imamwa mafuta pang'ono, imafa kawirikawiri ayi m'zaka zoyamba, ndipo imateteza bwino okweramo pa ngozi chifukwa ili ndi matumba ampweya ambiri komanso makina othandiza kuti isaterereke pokhota. Kwa munthu wonyamula alendo a m'malo ogona a ku Kande ndi Chintheche, amene galimoto ikafa panjira amataya makasitomala, ubwino umenewu ndi ndalama.

Komabe akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Injini za dizilo za masiku ano, monga ya malita 2.8 imene Toyota inayamba kuika mu Prado mu 2015, zimapopa mafuta mwamphamvu kwambiri kudzera m'timabowo tating'onoting'ono. Madzi kapena fumbi pang'ono m'mafuta zimawononga zopoperazo, ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba. Ili ndi vuto lenileni kuno, pakuti mafuta akasowa pa malo omwetsera, monga zakhala zikuchitikira kuyambira mu 2022, anthu amakakamizika kugula a m'zigubu amene ukhondo wake sudziwika. Zambiri mwa injinizi zilinso ndi sefa yogwira mwaye ku paipi ya utsi. Sefayi imadziyeretsa yokha galimoto ikayenda ulendo wautali injini ili yotentha, koma imatsekeka ngati maulendo ake ndi aafupiafupi, a kumsika ndi kutchalitchi basi.

Chinanso n'chakuti galimoto zatsopano zimayendetsedwa ndi kompyuta. Nyali yochenjeza ikayaka, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango sangadziwe vuto popanda makina oyezera, ndipo nthawi zambiri pamafunika kupita nayo ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Mitundu ina yapamwamba imakhala pa matumba ampweya m'malo mwa masipuling'i achitsulo. Thumba limodzi likaphulika pa msewu wa Usisya, galimoto imakhala pansi ndipo kuichotsako ndi ntchito yaikulu.

Kupima galimoto imene ilipo

Mwini galimoto asanaganize zogulitsa, ayenera kuipimitsa kwa makaniko wodziwa amene alibe galimoto yofuna kumugulitsa. Malo oyamba kuyang'ana ndi kunsi. Zambiri mwa galimoto zamtunduwu zimamangidwa pa chimango chachitsulo, chimene amakaniko amati chasisi. Chinyezi cha kunyanja ndi matope okakamira kunsi zimabweretsa dzimbiri. Dzimbiri la pamwamba limapalidwa n'kupakapo utoto, koma ngati chitsulo chaboka kapena chasweka pamene pagwira masipuling'i, galimotoyo yatha. Kuwotcherera malo otere n'kuika miyoyo ya anthu pachiswe.

Chachiwiri ndi injini. Utsi wobiriwira ngati wa oyilo wopsa, madzi otha msangamsanga mu radiyeta, ndi kutentha pokwera chitunda cha ku Mzuzu ndi zizindikiro zosayenera kunyozera. Injini ya dizilo ya 1KZ, imene ili mu Prado zambiri zakale, ndi yolimba ndiponso yodziwika kwa amakaniko ambiri, koma mutu wake umang'aluka ikatenthedwa. Kutsuka radiyeta ndi kusintha mapaipi a madzi n'kotsika mtengo kuyerekeza ndi kugula mutu wina. Injini zoterezi zilinso ndi lamba wa m'kati woyenera kusinthidwa pakati pa makilomita 100,000 ndi 150,000, malinga ndi mtundu wake. Lambayu akaduka galimoto ikuyenda, injini imawonongeka kwambiri. Kwa za petulo, nkofunika kukumbukira kuti petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, wina mwa iye wopangidwa ku Dwangwa, ndipo mapaipi a labala okalamba afunika kuwayang'anitsitsa kuti asadonthe.

Chachitatu ndi masipeya. Prado yamtundu wa 120 inapangidwa kuyambira 2002 mpaka 2009, ndipo yamtundu wa 150 inayamba mu 2009 n'kukhala pamsika zaka zoposa khumi. Chifukwa zilipo zambiri m'dziko muno, m'Tanzania ndi ku South Africa, masipeya ake savuta kwenikweni. Kampani ya Mitsubishi inasiya kupanga Pajero yaikulu mu 2021, ndipo ngakhale masipeya ake akupezekabe, mwini wake ayenera kuyembekezera kuti zina zizifunika kuitanitsa. Galimoto zapamwamba za ku Ulaya ndizo zimakhalitsa pamiyala, kudikira kachitsulo kamodzi kochokera ku Johannesburg.

Masamu a pa chaka

Njira yabwino yothetsera mkangano wa m'banja pa nkhaniyi ndi kope ndi cholembera. Tsamba limodzi likhale la galimoto yakale: mafuta a chaka chonse, oyilo ndi masefa, matayala, inshuwalansi, chiphaso cha COF, ndi zonse zolipira kwa makaniko m'miyezi 12 yapitayi. Tsamba lina likhale la yatsopanoko: zonse zomwezo, kuwonjezapo chiwongoladzanja cha ngongole, inshuwalansi yokwera chifukwa galimotoyo ndi ya mtengo wapatali, ndiponso phindu limene ndalamazo zikanabweretsa zikanalowa mu bizinesi ina.

Pa mafuta, chimene chimalamula ndi kutalika kwa maulendo. Ngati yakale imayenda makilomita 8 pa lita ndipo yatsopanoko imayenda 12, munthu woyenda makilomita 12,000 pa chaka adzagula malita 1,500 pa yakale ndi 1,000 pa yatsopanoko, kusiyana kwa malita 500. Koma woyenda makilomita 3,600 okha adzapulumutsa malita 150 basi. Malita amenewa akachulukitsidwa ndi mtengo umene bungwe la MERA lalengeza, zimaoneka poyera ngati ndalama zopulumutsidwazo zingafike n'komwe pa chiwongoladzanja cha ngongole. Kwa mabanja ambiri oyenda pang'ono, sizifikako.

Palinso mtengo wina umene sulembedwa pa lisiti, ndiwo masiku amene galimoto yakhala yakufa. Ngati imagona kwa makaniko mwezi ndi mwezi, ndipo vuto lililonse ndi latsopano, ndiye kuti yafika pothera. Koma ngati zowonongekazo ndi zodziwika kuti zimatha ndi kuyenda, monga mabuleki, mabushi ndi batire, imeneyo si imfa ya galimoto ayi, ndi chakudya chake.

Mapepala asanalipire

Wosankha kugula ayenera kusamala ndi mapepala. Galimoto yokhala ndi nambala ya ku South Africa imalowa m'dziko muno ndi chilolezo cha kanthawi kochepa, ndipo kuigula msonkho wake usanalipiridwe ndi kugula mlandu. Yochokera m'maiko oyandikana nawo imafunikanso chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa. Manambala a chasisi ndi a injini ayenera kufanana ndi olembedwa m'mapepala, ndipo umwini usinthidwe ku ofesi ya Road Traffic ku Mzuzu, osati kungolemberana kalata pakhonde. Wogulitsa yakale nayenso aonetsetse kuti dzina lake lachotsedwa, kuopa kuyankha milandu ya galimoto imene ili m'manja mwa wina. Makilomita olembedwa pa wotchi ya galimoto si odalirika nthawi zonse, popeza ena amawabweza m'mbuyo. Kutha kwa chiwongolero, mipando ndi zopondera kumanena zoona kuposa wotchiyo. Wobwerera kumudzi atakhala kunja nthawi yaitali afunse ku Malawi Revenue Authority za malamulo a msonkho okhudza obwerera kwawo asananyamuke ndi galimoto, pakuti safunsa anadya phula.

Chosankha chili kwa banja

Ngati chasisi ndi yolimba, injini siitentha, masipeya akupezeka ndipo maulendo ndi ochepa, nzeru ndi kusunga galimoto yakaleyo, kuitsuka kunsi mvula ikatha, ndi kumaika padera kandalama mwezi uliwonse ka tsiku lokonzetsa. Ngati chasisi yadyeka, kapena galimotoyo ndiyo imabweretsa chakudya pakhomo koma ikulephera kufika kumene yatumidwa, nthawi yosintha yakwana, ndipo kuigulitsa ikadayenda n'kopindulitsa kusiyana ndi kudikira kuti ife. Kusinthako sikutanthauza kugula ina yapamwamba. Banja lokhala m'mbali mwa phula lingathandizike ndi galimoto yaing'ono yosamwa mafuta, ndipo la asodzi kapena alimi lingapindule ndi pikapu yonyamula usipa ndi matumba a chinangwa. Chimene chiyenera kupewedwa ndi kusunga ziwiri zonse pamene thumba likukwanitsa imodzi, chifukwa mapanga awiri avumbwitsa. Popeza m'mabanja ambiri ndalama zogulira zimachokera kwa abale a ku Joni pamene zosamalira zimachokera kwa otsala kumudzi, mbali zonse ziwiri ziyenera kuona kope la masamu lija ndalama zisanatumizidwe.